Mayina Anayi pa Tsamba la Mathokozo

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mumawerenga zimene timagawana pano. Dzina langa ndi Idesi, kwathu amanditchula Nambewe, ndipo panopa ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina kuno ku Nathenje. Ndakhala ndikuzengereza kupereka umboni uwu chifukwa vuto langa silinabwere ndi matenda, silinabwerenso ndi mdani. Ndinaliyamba ndekha ndi manja angawa. Ndili m'chaka chomaliza ku yunivesite ndinalemba tsamba limodzi lokha, ndipo tsamba limenelo linachititsa kuti mabanja anayi auzidwe kuti asamuke pa esiteti, fodya wawo ali m'zigafa zoumitsira. Limodzi mwa mabanjawo linali la bambo anga ondibereka.

Ndinabadwira pa esiteti ina kuseri kwa Mitundu, njira yolowera ku Dzalanyama. Bambo anga, a Mbewe, ndi tenanti. Tenanti amapatsidwa munda ndi mwini esiteti, n'kumalima fodya iye ndi mkazi wake ndi ana. Mwiniyo amamupatsa chimanga cha phoso mwezi ndi mwezi, ndipo fodya akauma amagulidwa ndi mwini yemweyo. Nyumba si yako, munda si wako. Akakuchotsa fodya asanagulidwe, thukuta la chaka chonse limatsala pomwepo, iwe n'kunyamula mphasa ndi mapoto. Ine ndinakula ndikusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Mulungu atandikomera mtima n'kusankhidwa kupita ku yunivesite, anzanga ndinkangowauza kuti bambo anga ndi mlimi wa fodya. Mawu oti tenanti ndinkawameza, ndinkachita nawo manyazi.

M'chaka chachitatu tinali ndi phunziro la mbiri ya America wakale: mmene dzikolo linayambira, chikhalidwe cha anthu ake oyamba kumanga midzi ya azungu, ndi mmene anthu ochokera kosiyanasiyana anafikira podzitcha mtundu umodzi. Ndinalitenga monyinyirika. Ndinkati za azungu akufa kalekale zindithandiza chiyani ine mwana wa ku Mitundu. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo pakamwa pangapa, poti sipachedwa, ndinkaseketsa anzanga kuti tikuloweza mayina a zombo ngati tidzakwera.

Tsiku lina a Dokotala, mayi amene ankatiphunzitsa phunziroli, anafika pa nkhani ya dera lotchedwa Virginia. Anati dera limenelo linaimirira pa fodya. Amphawi a ku Mangalande ankasaina pangano loti awoloketsedwe nyanja, iwo n'kukagwira ntchito m'munda wa fodya wa mwini kwa zaka zingapo, akudya chakudya chake, akugona m'nyumba yake, osaloledwa kuchoka. Ambiri ankamwalira zakazo zisanathe. Pambuyo pake eni minda anatembenukira kwa akapolo ogwidwa kuno ku Africa, amene analibe ngakhale panganolo, ndipo ana awo ankabadwira mu ukapolo womwewo. Ena mwa akuluakulu amene anadzalemba mawu okoma a ufulu pamene dzikolo linkadziimira palokha anali eni minda ya fodya omwewo. A Dokotala anatifunsa kuti pamene anthuwa ankanena kuti ife anthu a dziko lino, ankawerenga ndani, nanga ankasiya ndani.

Anzanga ankalemba manotsi, ine cholembera chinaima. Ndinkaona bambo anga atawerama mu nazale. Ndinkaona amayi ataima pa mzere wa phoso ndi thumba m'manja. Mtima unandipweteka, komanso ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera mtima ndani. Kuchokera tsiku limenelo ndinasamukira kutsogolo, ndipo m'laibulale anayamba kundidziwa nkhope.

Itafika nthawi ya kafukufuku wa chaka chomaliza, ndinapempha kuti ndiyerekeze moyo wa antchito a pangano a ku Virginia ndi moyo wa matenanti a kwathu. A Dokotala anavomera, koma anandichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, ndisalembe kuti tenanti ndi kapolo, chifukwa si zoona, ndingosonyeza pamene pakufanana ndi pamene pakusiyana. Chachiwiri, ndibise mayina a anthu onse amene ndidzacheze nawo, ndi dzina la esiteti lomwe. Ichi chachiwirichi anandiuza katatu, kachitatuko atandigwira pamkono.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinacheza ndi mabanja anayi. Anandimasukira chifukwa ndine mwana wawo, ena anandiberekapo kumbuyo. A Malunga, bambo wofatsa wochokera ku Chikwawa, anandiuza mmene anasiyira kwawo madzi atakokolola munda, ndi mmene ankawerengera masiku oti adzabwerere ndi malata a nyumba. Azimayi onse anadandaula chinthu chimodzi, chakuti phoso limatha mwezi usanafike kumapeto, ndipo sabata yomaliza ana amagonera maungu ndi masamba ake. Munthu mmodzi yekha ndinkamuzemba, Nachisale, mkazi wa a Zuze, kapitawo wa pa esitetipo. Mayi ameneyu sankaseka ndi munthu. Akamadutsa ndi ndowa pamutu nkhani inkaduka, chifukwa tonse tinkati ndi khutu la mwamuna wake. Ine ndinkadana naye, sindibisa.

Tsiku lobwerera kusukulu bambo anandiperekeza mpaka pa msewu. Anati, "Anthuwa akupatsa mawu awo, mwanawe. Usadye n'kupukuta pakamwa ngati nkhuku. Uwathokoze bwinobwino." Inu a kwathu kuno mukudziwa mmene timathokozera. Munthu akakupatsa ngakhale madzi akumwa umamutchula mfunda wake, zikomo a Phiri, zikomo Nabanda. Zikomo wopanda dzina ndi wa munthu amene wakusunthira m'basi. Ine ndinaleredwa choncho, ndipo amayi ankandikoka khutu ndikaiwala.

Pepala langa ndinalilemba monga anandiuzira, mayina onse abodza, esiteti yopanda dzina. A Dokotala analikonda kwambiri, moti anandiuza kuti nditumize lina lokonzedwa bwino kuti aliike pa gulu la pa foni la kalasi yathu, anzanga aonerepo. Ndikulikonza ndinaona kuti anzanga amaika tsamba la mathokozo koyambirira. Ena ankathokoza makolo, ena mpaka zibwenzi. Ndinati ine bwanji. Ndinawonjezera tsamba langa, n'kuthokoza mabanja anayi aja mmodzimmodzi, dzina lenileni, mfunda, boma lochokera, ndi esiteti imene amakhala. M'mutu mwanga lamulo lobisa mayina linali la m'kati mwa kafukufuku, pomwe kuthokoza ndi ulemu basi. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu, munalinso kunyada. Ndinkafuna dzina la a Mbewe, limene ndinalibisa zaka zitatu, lioneke pa pepala la ku yunivesite. A Dokotala sanalitsegulenso poti anali ataliwerenga kale, anangolitumiza.

Tsoka silinunkha. Patatha masabata awiri, mu February, Lachiwiri masana, ndikutuluka m'kalasi, amayi anandiimbira pa foni yobwereka. Sanandipatse moni. Anati, "Idesi, walemba chiyani?" Pepala lija linali litayenda foni ndi foni mpaka kufika kwa mwana wa mlongo wawo wa bwana, mwini esiteti, amene amaphunzira pa koleji ina. Iye anajambula masamba awiri n'kuwatumizira amalume ake. Limodzi linali la mathokozo, linalo linali lija pamene mawu oti akapolo ndi mawu oti matenanti anali moyandikana. M'mawa wa tsikulo a Zuze anayenda khomo ndi khomo akuwerenga mayina pa foni. Uthenga wa bwana unali wakuti Loweruka akubwera, ndipo mabanja anayi olembedwawo adzawapeze atamanga katundu.

Ndinathamangira ku ofesi ya a Dokotala ndikulira ngati mwana. Atatsegula pepalalo n'kuona tsamba lija anagwira kumutu. Anati, "Idesi, ndinakuuza katatu." Kenako anadziimba mlandu okha kuti akanalitsegula. Analichotsa pa gulu paja nthawi yomweyo, n'kundilembera kalata yofotokozera bwana kuti pepalalo silinawatchule kuti ndi mwini akapolo. Tonse awiri tinkadziwa kuti madzi akatayika saoleka, koma kalatayo ndinaitenga.

Lachitatu ndinakwera minibasi mpaka pa Mitundu, n'kupeza wa kabaza. Nthawi imeneyo ndi imene fodya amathyoledwa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene njala imaluma. Nditafika, azimayi anali pa mthunzi akusoka fodya. Masiku onse ndikabwera ankandithamangira n'kundilanda chikwama. Tsiku limeneli palibe anadzutsa mutu. Ndinapereka moni, singano zokha n'zimene zinkayenda. Bambo ndinawapeza m'chigafa akupachika fodya pa mikangala. Anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Mwabwera, amayi ophunzira?"

Mawu amenewa anandilasa, ndipo m'malo mogwada, mtima wanga wapachalawu unanditsogolera. Ndinati, "Si inu nomwe munati ndiwathokoze?" Bambo anatsika pang'onopang'ono pamtanda pamene anaponda. Anati, "Ndinati uwathokoze. Sindinati uwagulitse." Anatola fodya wina n'kukweranso. Ndinaima pamenepo ndikumva manyazi amene sindinawamvepo. Nkhuyu ndinadya ndine, koma zinkapota bambo wokalamba amene analibe kolowera. Kwawo ku Dedza anachokako ine ndisanabadwe, ndipo munda wa makolo abale anagawana kalekale. Kusamuka mu February, mvula ili pakati, opanda chimanga, opanda fodya, kunali kupita kukagona pa khonde la munthu.

Lachinayi m'mamawa ndinanyamuka kupita ku Nathenje kumene bwana amakhala, ali ndi chigayo kumeneko. Msewu unali matope okhaokha, njinga yamoto imene ndinakwera inatigwetsa kawiri. Ndinadikira pa chigayopo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, azimayi ogayitsa akundiyang'ana siketi yamatope. Bwana atatuluka ndinagwada pansi n'kupereka kalata ndi manja awiri. Sanaitsegule, anaipinda n'kuiponya pa mpando wa galimoto. Anati, "Ndiwe amene ukulengeza dziko lonse kuti ine ndili ndi akapolo? Anthu amene ndimawadyetsa ndi chimanga changa?" Ndinayesa kufotokoza, anakweza dzanja. Anati Loweruka ndidzawerenge ndekha pepala lonselo m'Chichewa pamaso pa matenanti onse, kuti amve mmene mwana wawo wawayalutsira, ndipo ndikadzamaliza olembedwawo adzakwere galimoto.

Lachisanu m'mawa tinadzuka n'kupeza chitseko cha a Malunga chili pululu. M'nyumba munalibe mphasa, munalibe poto, munangotsala mafuwa. Wina anali atawauza kuti bwana abwera ndi apolisi, ndipo bambo wofatsa uja, amene moyo wake wonse sanaimepo pamaso pa wapolisi, anatenga mkazi ndi ana atatu n'kunyamuka kusanache. Fodya wawo anatsala m'chigafa, wokongola kuposa wa aliyense. Foni yawo inali yozima. Mayi wina woyandikana nawo anandiloza ndi chala n'kunena kuti, "Sukulu yako ndi imeneyi." Ankanena zoona.

Abale anga, tsiku limenelo ndinataya mtima. Masana ndinapita kuseri kwa chigafa cha a Malunga n'kukhala pansi m'matope. Ndinafuna kupemphera koma poyamba munatuluka mkwiyo wokhawokha. Ndinafunsa Mulungu kuti anandichotseranji pa mthunzi wosokera fodya ngati mathero ake anali amenewa. Ndinatukwana tsiku limene ndinamva za Virginia. Mkwiyo utatha ndinatsala ndi mawu ochepa, ndipo ndinawanena mokweza ndikulira. Ndinati Ambuye, wolakwa ndine, anthuwa sananame ndipo sanachimwe, anangoyankha mwana wawo. Ngati pali choti chitayike, itengeni digiriyo, ndibwerera kukasoka fodya, koma musalole kuti ana awa akagone panja chifukwa cha ine. Sindinamve liwu lililonse, mtima sunapepuke, mvula inangoyamba kuwaza. Podzuka ndinaona Nachisale ataima chapafupi ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Anandiyang'ana ndi nkhope yake ija yosaseka n'kupitiriza ulendo. Ndinati basi, ngakhale pemphero langa likafika kwa kapitawo.

Loweruka bwana anafika dzuwa litakwera pang'ono. Matenanti onse tinasonkhana m'shedi yosankhira fodya, azibambo mbali iyi, azimayi mbali iyo. Katundu wa mabanja atatu otsalawo anali atamangidwa kale m'zitenje, ali pakhomo. Bwana anakhala pa mpando, a Zuze ataima kumbuyo kwawo ndi makiyi a nyumba yosungira chimanga m'manja. Anandiuza kuti ndiyambe.

Ndinayamba ndi za ku Virginia, za zombo ndi mapangano, ndikumasulira mawu amodziamodzi. Bwana anadula. Anati za azungu ndizisiye, ndiwerenge za iwo. Ndinatsegula kutsogolo. Maso anga anagwera pa ndime ya phoso, ndipo mumtima munabwera maganizo oti ndiidumphe, poti m'shedimo munalibe wina amene akanadziwa. Koma ndinali nditauza Mulungu dzulo lake kuti anthuwa sananame, ndiye ndikanaidumpha bwanji. Ndinawerenga kuti mabanja onse anayi ananena kuti phoso silifika kumapeto kwa mwezi, ndipo sabata yomaliza akulu amapita kumunda osadya kuti ana alaweko.

Bwana anamenya mpando. Anati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, chimanga amayeza okha ku chigayo kwawo, chokwanira banja lililonse, ndipo ndowa yoyezera anagula okha. Anatembenukira kwa azimayi n'kufunsa kuti ananena zimenezi ndani, aimirire. Palibe anaimirira. Amayi anga anayang'ana pansi, ndipo sindiwaimba mlandu. A Zuze anawerama n'kunena mokweza kuti onse amve, "Bwana, anthuwa chimanga amasinthitsa ndi kachasu. Ndakhala ndikuwaona." Bwana anadzuka. Anati amva zokwanira, katundu akwezedwe, galimoto ikawatsitsa pa Mitundu, kwinako akadziwa okha. Bambo anga anaimirira n'kuvula chipewa. Anayamba kuyenda kulowera kumene kunali katundu wathu.

Pakhomo la shedi anakumana ndi Nachisale akulowa. Palibe anali atazindikira kuti sanali pakati pathu. Ananyamula ndowa ziwiri zofanana, imodzi ili ndi chimanga chodzaza mpaka m'milomo, inayo yopanda kanthu. Anadutsa pakati pa anthu osapempha njira, n'kuziika patsogolo pa bwana. Anagwada, n'kukhuthulira chimanga chija mu ndowa yopanda kanthuyo. Chimanga chimene chinali chodzaza chinangofika chapakati n'kupitirira pang'ono. Kenako anatembenuza ndowa yoyamba ija kuti aliyense aone kunsi kwake. Pansi pake panali posulidwa ndi nyundo, pokankhidwira m'kati ngati chipewa.

Anati, "Bwana, iyi ndi imene munagula inu. Iyi ndi imene amuna anga amayezera anthuwa. Chotsalacho chimapita kukagulitsidwa ku Malingunde pa njinga. Mwanayu sananame."

A Zuze anakuwa kuti, "Iwe, wapenga?" Nachisale sanawayang'ane. Anati, "Chimangachi ndakhala ndikuphika ine, ndipo chakhala chikunditsamwa. Zaka ziwiri sindinayandikire mgonero wa Ambuye. Dzulo ndinamumva mwanayu akupempha kuti chilango chigwere iye. Ine ndiye ndikhale chete?"

Bwana anatola ndowa yosulidwayo, anaitembenuza uku ndi uku, anagogoda pansi pake ndi chala. Kenako anatambasula dzanja kwa a Zuze, osawayang'ana, ndipo makiyi aja anagwera m'dzanjamo. Anauza anthu kuti amasule katundu, palibe akuchoka, ndipo phoso la mwezi umenewo liyezedwenso tsiku lomwelo ndi ndowa yabwinoyo iwo akuona. Azimayi sanalulutire. Amayi anga anangokhala pansi pomwe anali n'kuphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Sindikuuzani kuti bwana anasanduka mngelo. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti ankaberedwa chimanga chawo, ndiponso kuti anthu anjala samusamala bwino fodya. Asanakwere galimoto anandiitana n'kundiuza kuti tsamba la mayinalo ndilichotse, ndipo za akapolozo sanandikhululukire. Moyo wa tenanti pa esitetipo ukadali wowawa mpaka lero. Koma ine ndinapempha chinthu chimodzi, kuti anthu asachotsedwe, ndipo Mulungu anandiyankha kudzera mwa mayi amene ndinkamuda, amene sindinamufunse ngakhale funso limodzi pa kafukufuku wanga chifukwa ndinali nditamuweruza kale.

Madzulo ake ndinapita kwa Nachisale kukathokoza ndi kupepesa. Ndinawapeza akumanga katundu, poti a Zuze anali atachotsedwa ntchito ndipo nyumba ya kapitawo anayenera kuisiya. Ndinalira, iwo sanalire. Anati ndisawathokoze, chifukwa akanayankhula kale ana ambiri sakanagona ndi njala. Anabwerera kwawo cha ku Nkhoma okha ndi ana, banja lawo linagwedezeka kwambiri, ndipo ndikukupemphani kuti muziwakumbukira m'mapemphero. Chipulumutso changa iwo chinawadyera nyumba.

Bambo sanandiuze kuti ndakukhululukira, si anthu a mawu otero. Lolemba m'mawa ndinawapeza m'chigafa cha a Malunga akutembenuza fodya kuti asachite nkhungu. Anandiponyera mkangala n'kunena kuti, "Iwe Idesi, gwira uku." Ndinagwira, ndipo tinagwira ntchito mpaka masana. Ku yunivesite nkhani yanga inakambidwa ndi akuluakulu, poti kuulula mayina a anthu a m'kafukufuku ndi mlandu. Anandilamula kulembanso pepala lonse, ndipo ndinamaliza mochedwa, anzanga atavala kale mikanjo. Chilangocho ndinachilandira ndi manja awiri. Digiri imene ndinauza Mulungu kuti aitenge, anandibwezera.

Ndikamaphunzitsa ana anga za America wakale, ndimawauza kuti m'mabuku ambiri antchito a m'minda ija alibe mayina, ndipo zimenezi zimandipwetekabe. Koma ndimawauzanso kuti dzina lili ndi mwini wake, ndipo amene amagona m'nyumba ya bwana ndiye amadziwa ngati dzina lake lingatchulidwe pagulu. Ine sindinafunse. N'chifukwa chake mayina onse amene mwawerenga muno, langa lomwe, si enieni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la munthu wolakwa, wokhala m'matope. Inu amene muli pa vuto limene munaliyamba nokha, musanene kuti poti ndinalakwa ndine, kumwamba kwanditsekera. Vomerani kulakwako, nenani zoona ngakhale mawu akunjenjemera, ndipo dikirani. Musathawe kutatsala tsiku limodzi. Mabanja atatu anadikira mpaka Loweruka, ndipo anagulitsa fodya wawo. Banja limodzi silinadikire, ndipo sindingaliimbe mlandu chifukwa mantha amene anawathamangitsa ndinawabweretsa ndine.

Tawafunafuna kudzera m'mipingo ya ku Chikwawa, tafunsa amaminibasi, mpaka lero sitinawapeze. Ndinkadziwa boma lawo ndi mfunda wawo, koma mudzi wawo sindinawafunse. Bambo inu amene ndakutchulani kuti a Malunga, ngati wina angakuwerengereni mawu awa, mudzizindikira nokha. Apolisi sanabwere. Fodya wanu sanawole, a Mbewe anamusamala ngati wawo, anamusankha okha n'kumumanga m'mabelo m'dzina lanu, ndipo gawo lanu analisunga, sanakhudzepo. Malata aja mukhoza kugula. Ndinakulakwirani, bambo, inu ndi mayi ndi ana. Bwerani mudzatenge zanu.